Galu Akamachingamira Mbuye Wake, Chimwemwe Chake Chimachokera Kuti?

Anthu ambiri oweta agalu amanena kuti galu akamathamangira mbuye wake pachipata, uku akupukusa mchira ndi kulumphalumpha, ndiye kuti akuyembekezera mkute kapena fupa basi. Maganizo amenewa ali ndi pogwira, chifukwa m'makomo ambiri munthu amene galu amamukonda kwambiri ndi yemweyo amene amamuponyera chakudya madzulo aliwonse. Komabe aliyense amene anayang'anitsitsapo mmene galu amalandirira mwini wake amadziwa kuti nkhaniyi siithera pamimba. Galu amatha kusiya mbale ali pakati pa kudya n'kuthamangira munthu amene wabwera chimanjamanja, ndipo mlendo wonyamula nyama angathe kuuwidwa pomwe mwini nyumba, wopanda kanthu m'manja, akulandiridwa ndi chisangalalo chosaneneka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, akatswiri a khalidwe la nyama ku Hungary, Sweden, Italy, Japan ndi America akhala akuyeza zimene zimachitika m'thupi ndi muubongo wa galu pa mphindi zochepa zimenezi. Zimene apeza zikuloza kumodzi: galu amamusowadi munthu wake akachoka, ndipo kuchingamira kwake ndi malonje enieni amene amayembekezera kuyankhidwa.

Malonje amenewa amayamba munthu asanaonekere n'komwe. Galu amene wagona pakhonde amadzutsa mutu, makutu n'kuima, chifukwa wamva belu la njinga, kaliridwe ka injini ya galimoto inayake, kapena kapondedwe ka mapazi kamene akukadziwa. Khutu lake limamva mawu okwera kwambiri, kuwirikiza kawiri pamene khutu la munthu limalekezera, ndipo limatha kutembenukira kumene phokoso likuchokera mutu usanatembenuke. Akatsimikiza kuti wabwerayo ndi wake, maonekedwe ake onse amasintha. Makutu amagonera kumbuyo n'kumamatira kumutu, maso amachepa, pakamwa pamayasama pang'ono, msana umapindikira uku ndi uku, ndipo mchira umapukusika mwamphamvu mwakuti chiuno chonse chimatsatira. Pakhosi pamatuluka timawu tating'ono tolira, tosiyana kotheratu ndi kuuwa kwake kwa usiku. Amazungulira miyendo ya munthuyo, amanunkhiza nsapato ndi m'mphepete mwa chitenje kapena thalauza, kenaka amaima ndi miyendo yakumbuyo pofuna kufikira kumaso. Agalu ena amathamanga kukatola chitsononkho kapena nsapato yakutha n'kubwera nacho kukamwa, osafuna n'komwe kuchipereka, chifukwa chisangalalo chawachulukira ndipo pakamwa pakufuna chogwira.

Mmodzi mwa anthu oyambirira kufotokoza zimenezi mosamala anali Charles Darwin wa ku England, m'buku lake la 1872 lonena za mmene anthu ndi nyama amaonetsera zakumtima. Iye anafotokoza za galu amene akuyandikira munthu amene akumuyesa mdani: amayenda mouma thupi, mutu utakwera pang'ono, mchira uli chilili, ubweya wa pakhosi ndi pamsana utaima, makutu ataloza kutsogolo, maso ali pa munthuyo osaphethira. Galuyo akangozindikira kuti munthuyo si mlendo koma mbuye wake, zonsezi zimatembenuka nthawi yomweyo. Thupi louma lija limalefuka n'kutsika, mchira umagwa n'kuyamba kupukusika, ubweya umagona, makutu amabwerera m'mbuyo. Darwin anaona kuti chilichonse chimene galu amachita polonjera ndi chosemphana ndi chimene amachita poopseza. Nyama ya mano akuthwa ikamathamangira inzake imayenera kusonyeza isanafike kuti sikubwera ndi nkhondo, ndipo galu amanena zimenezi ndi thupi lake lonse.

Mizu ya khalidweli ili kutali kwambiri. Agalu onse, kuyambira wa m'mudzi wowonda uja mpaka wogula ndalama zambiri wa m'tauni, anachokera ku mimbulu ya kumayiko ozizira a ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo akhala ndi anthu kwa zaka pafupifupi 15,000 kapena kuposerapo. Ku Oberkassel, pafupi ndi mzinda wa Bonn ku Germany, anthu ophwanya miyala anapeza mu 1914 manda a zaka pafupifupi 14,000 mmene munaikidwa mwamuna, mkazi ndi galu wamng'ono. Atapimanso mano a galuyo, akatswiri analengeza mu 2018 kuti anadwala kwa milungu ingapo matenda oopsa amene akanamupha msanga pakanapanda munthu womudyetsa, kumumwetsa ndi kumutenthetsa. Galu wodwala amene sanafike n'komwe chaka chimodzi sakanathandiza kusaka kapena kulondera, choncho amene ankamusamalirawo ankamuona kale ngati wa m'banja.

Pakati pa mimbuluyo, akuluakulu akabwerako kosaka, ana amawathamangira atagonetsa makutu ndi kutsitsa thupi, n'kumawanyambita m'mbali mwa pakamwa. Kunyambitako kumachititsa wamkuluyo kubzikula nyama imene anameza kutchire kuti anawo adye. Anawo akakula amasiya kupempha chakudya mwa njira imeneyi, koma kunyambita pakamwa kumatsala ngati moni wa pabanja, umene aliyense wobwera kuchokera kutali amapatsidwa. Apa ndi pamene pali yankho la funso limene eni agalu ambiri amafunsa mokwiya, loti n'chifukwa chiyani galu amalumphira munthu wovala zoyera n'kumudetsa ndi matope. Galuyo akufuna kufika pamene moni wa mtundu wake umaperekedwa, ndipo nkhope ya munthu ili m'mwamba kwambiri. Motero amene amanena za chakudya aja sakulakwitsa kotheratu, chifukwa khalidweli linayambiradi pa njala ya ana, kungoti linasiyana nayo kalekale n'kukhala njira yolimbitsira ubale.

Amene akufuna kuona mwambo womwewu pakati pa nyama zakutchire safunika kupita ku Ulaya. Mimbulu ya kuno ku Africa, yamawangamawanga ndi ya makutu akuluakulu obulungira, si makolo a galu koma ndi abale ake akutali, ndipo imadziwika ndi malonje ake isanapite kosaka. Yonse imadzuka, kuthamangirana, kunyambitana kumaso ndi kulira timawu tokwera, kenaka imanyamuka pamodzi. Alendo amaiona ikuchita zimenezi ku South Luangwa ku Zambia, ndipo mu 2021 mimbulu 14 yochokera ku South Africa ndi ku Mozambique inabweretsedwa ku Liwonde ndi ku Majete m'Malawi.

Umboni woyamba wamphamvu wakuti galu amamamatira munthu mmodzi kuposa ena unachokera ku maphunziro a ana a anthu. Mary Ainsworth, katswiri wa kaganizidwe ka ana, anakhala ku Uganda pakati pa zaka za m'ma 1950 akuyendera mabanja a pafupi ndi Kampala n'kumaona mmene makanda amachitira mayi awo akachoka ndiponso akabwerera. Pambuyo pake, ali ku America, anakonza njira yoyesera ubale umenewu. Mwana amalowetsedwa m'chipinda chachilendo ndi mayi ake, kenaka mlendo amalowa, mayi amatuluka, ndipo patapita mphindi zochepa amabwerera. Ainsworth anapeza kuti chimene chimaulula kwambiri ubalewo si kulira kwa mwana mayi akamatuluka ayi, koma mmene amawalandirira akabwera. Mu 1998, József Topál, Ádám Miklósi ndi anzawo a pa yunivesite ya Eötvös Loránd ku Budapest anayesa njira yomweyi pa agalu 51 ndi eni ake. Agaluwo ankasewera ndi kufufuza m'chipindamo momasuka mbuye wawo akakhalapo. Akatuluka, ambiri ankaima pachitseko n'kumadikira, ngakhale mlendo anali pomwepo wokonzeka kusewera nawo, ndipo akabwerera ankamuchingamira mwa njira imene sankachitira mlendoyo. Aliyense amene anaonapo mwana wamng'ono akusiya anzake pamasewera n'kuthamangira mayi ake amene akuchokera kuchigayo, asanadziwe n'komwe ngati m'dengumo muli kanthu, waona kale zimene akatswiriwa anaona mwa agalu.

Panatsala funso loti kodi muubongo mwenimwenimo mumachitika chiyani. Gregory Berns wa pa yunivesite ya Emory ku Atlanta anaphunzitsa agalu kugona osasuntha m'makina ojambula ubongo a MRI, ali maso ndiponso osamangidwa, ntchito imene inafuna miyezi yambiri ya kuleza mtima chifukwa makinawa amachita phokoso lalikulu. Agalu 12 ananunkhizitsidwa mafungo a mitundu 5: la iwo eni, la galu wokhala naye pakhomo, la galu wachilendo, la munthu wachilendo, ndi la munthu wa m'nyumba mwawo amene panthawiyo sanali pomwepo. Mbali ya ubongo yomva fungo inagwira ntchito pa mafungo onsewo, koma mbali ina yotchedwa caudate nucleus, imene imatakataka nyama ikamayembekezera chinthu chabwino, inagwira ntchito kwambiri pa fungo la munthu wodziwika uja, kuposanso pa fungo la galu mnzake wa pakhomo. Kafukufuku wina wa gulu lomweli, wa mu 2016, anayerekezera chakudya ndi mawu oyamikira ochokera kwa mwini galu. Agalu ambiri anasonyeza kukonda ziwirizi mofanana kapena kukonda mawuwo kwambiri, ndipo ochepa okha ndi amene anaika chakudya patsogolo.

Fungo ndiye chinthu chachikulu pa nkhani yonseyi. Mphuno ya munthu ili ndi timaselo tomva fungo pafupifupi 6 miliyoni, pomwe ya galu ili ndi toposa 100 miliyoni, ndipo mitundu ina ya agalu osaka imayandikira 300 miliyoni. Galu akamanunkhiza nsapato ndi zovala za mbuye wake amakhala akutsimikiza kuti ndi yemweyodi, komanso akumva kumene wachokera: msika wa nsomba, chipatala, minibasi yodzaza anthu, kapena nyumba imene muli galu wina. N'chifukwa chake malonje a galu kawirikawiri amakhala ndi zigawo ziwiri, choyamba chisangalalo chosadziletsa, kenaka kununkhiza kwachifatse kumene kungatenge mphindi yathunthu.

Nanga galu amadziwa kuti munthu wachoka nthawi yaitali bwanji? Therese Rehn ndi Linda Keeling a pa yunivesite ya zaulimi ya ku Sweden anajambula agalu 12 m'nyumba zawo atasiyidwa okha kwa mphindi 30, kwa maola 2 ndiponso kwa maola 4, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Pa nthawi imene anali okha, agaluwo ankachita zofanana, ambiri ankangogona. Kusiyana kunaoneka mwini nyumba atalowa. Pambuyo pa maola 2 ndi maola 4, agaluwo ankapukusa mchira kwambiri, ankanyambita milomo, ankadzikutumula thupi, ndipo ankafuna kukhudzana ndi mbuye wawo kuposa pambuyo pa mphindi 30. Pakati pa maola 2 ndi maola 4 panalibe kusiyana koonekeratu. Izi zikusonyeza kuti galu amasiyanitsa kuchoka kwa kanthawi ndi kuchoka kwa nthawi yaitali, ngakhale sawerenga maola monga mmene ife timachitira. Alexandra Horowitz wa ku Barnard College ku New York anapereka ganizo loti galu amayeza nthawi ndi mphuno: fungo la munthu m'nyumba limanka lizirala maola akamapita, ndipo galu angaphunzire kuti likazirala kufika pamlingo wakutiwakuti, munthuyo amakhala ali pafupi kufika. Palinso zizindikiro zina zimene galu amazitsatira tsiku ndi tsiku, monga kupendeka kwa dzuwa, phokoso la ana oweruka kusukulu, utsi wa moto wamadzulo ndi njala ya m'mimba mwake. Zonsezi pamodzi ndi zimene zimamuika pachipata nthawi yake isanakwane.

Nkhani ya Hachikō wa ku Japan imasonyeza mmene chizolowezi chodikirachi chingazamire. Galu ameneyu, wa mtundu wa Akita, anabadwa mu 1923 ndipo anatengedwa ndi Hidesaburō Ueno, mphunzitsi wa zaulimi pa yunivesite ya ku Tokyo. Madzulo ankapita ku siteshoni ya sitima ya Shibuya kukachingamira mbuye wake pochokera kuntchito. Mu May 1925, Ueno anamwalira mwadzidzidzi ali kuntchito, koma galuyo anapitirizabe kupita kusiteshoni kwa zaka pafupifupi 10, mpaka anafa mu March 1935. Ena anena kuti ankatsatira zakudya zimene anthu ankamupatsa kumeneko. Koma anthu anayamba kumukonda ndi kumubweretsera zakudya nyuzipepala ina italemba za iye mu 1932, pomwe zaka za m'mbuyomo ambiri ankamuona ngati galu wosokoneza pakhomo la siteshoni, ndipo iye ankabwerabe. Mu 2015 yunivesite ya Tokyo inaimika chipilala chosonyeza Ueno akuwerama kulandira galuyo, galuyo ataima ndi miyendo yakumbuyo.

M'thupi, chimene chimamanga ubale umenewu ndi homoni yotchedwa oxytocin, yomweyo imene imathandiza mayi pobereka ndi poyamwitsa ndiponso imamangiriza mtima wake pa khanda. Miho Nagasawa, Takefumi Kikusui ndi anzawo a pa yunivesite ya Azabu ku Japan anayeza oxytocin mumkodzo wa agalu ndi wa eni ake asanacheze ndiponso atacheza kwa mphindi 30. Mu 2015 analengeza kuti pamene galu ankayang'ana mbuye wake m'maso kwa nthawi yaitali, oxytocin inkakwera mwa onse awiri. Atapopera oxytocin m'mphuno za agalu aakazi, agaluwo anayamba kuyang'ana eni ake nthawi yaitali kuposa kale, ndipo oxytocin ya eni akewo inakweranso ngakhale iwo sanapatsidwe kanthu. Mimbulu ya kumayiko ozizira ija, yoleredwa ndi anthu kuyambira ili yaing'ono, sinachite zimenezi, ndipo kawirikawiri inkapewa kuyang'ana munthu m'maso. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa ikusonyeza kuti chimwemwe cha pachipata si cha galu yekha. Munthu amene wafika wotopa n'kupeza kuti mtima wake wapepuka galu atamulandira sakudzinamiza, popeza thupi lake nalonso layankha.

Gulu la ku Azabu lomweli linapezanso chinthu chodabwitsa chimene linalengeza mu 2022. Kikusui anaona kuti galu wake wamkazi ankaoneka wolengeza misozi poyamwitsa ana ake, ndipo anaganiza zoyeza misozi ya agalu ndi kapepala kakang'ono kamene madokotala amaika m'chikope. Agalu amene anasiyana ndi eni ake kwa maola 5 mpaka 7 anapanga misozi yambiri atakumananso nawo, koma sizinatero atakumana ndi munthu wina amene ankamudziwa chabe. Misoziyo siyenderera m'masaya monga ya munthu, imangonyowetsa maso n'kuwanyezimiritsa. Akatswiri ena anachenjeza kuti tisafulumire kunena kuti galu amalira chifukwa cha chimwemwe, ndipo chenjezo limeneli n'loyenera, chifukwa kafukufukuyu anali wa agalu ochepa. Chimene sichikukayikitsa n'chakuti maso a galu amagwira ntchito yaikulu pa ubale wake ndi munthu. Juliane Kaminski wa pa yunivesite ya Portsmouth ndi anzake anasonyeza mu 2019 kuti agalu ali ndi kamnofu kokweza nsidze chamkati, kamene mwa mimbulu n'kosakhwima, ndipo n'kamene kamapatsa galu nkhope yochititsa chifundo ija.

Mchira nawonso uli ndi zake. Ofufuza a ku Italy, Angelo Quaranta, Marcello Siniscalchi ndi Giorgio Vallortigara, anajambula agalu 30 n'kupeza mu 2007 kuti galu akaona mbuye wake, mchira umapendekera kwambiri kumanja kwa galuyo, pomwe akaona galu wamkulu wachilendo woopsa umapendekera kumanzere. Mbali ya kumanzere ya ubongo, imene imalamulira mbali ya kumanja ya thupi, ndiyo imagwira ntchito kwambiri nyama ikamafuna kuyandikira chinthu. Choncho si kupukusa mchira kulikonse kumene kumasonyeza chikondi. Mchira woima m'mwamba, wouma, wogwedezeka pang'onopang'ono kunsonga kokha, ndi wa galu amene angathe kuluma, ndipo ana ayenera kuphunzitsidwa kusiyana kumeneku.

Kafukufuku amene ndimamuona kuti ndi wofunika kwambiri kwa oweta agalu ndi wina wa Rehn ndi anzake, wa mu 2014, chifukwa anayang'ana mbali ya munthu. Agalu 12 ankasiyidwa kwa mphindi 25, kenaka munthu amene ankamudziwa bwino ankabwerera n'kuchita chimodzi mwa zinthu zitatu: kuwayankhula uku akuwasisita, kuwayankhula kokha osawakhudza, kapena kuwanyalanyaza. Kungomuona munthuyo kunakweza oxytocin mwa agaluwo. Koma pamene anawayankhula ndi kuwasisita, oxytocin inakhala yokwera kwa nthawi yaitali, ndipo cortisol, homoni imene imakwera nyama ikapanikizika, inatsika kwambiri. Agalu amene ananyalanyazidwa anasowa mtendere n'kuyamba kufuna munthu wina woti awakhudze. Galu amayamba malonje, koma kuti mtima wake ukhale pansi amafunika dzanja ndi mawu a munthu wake.

Apa ndi pamene kawetedwe kathu kamandidetsa nkhawa. M'matauni ambiri a m'Malawi ndi m'Zambia galu amawetedwa ngati mlonda basi. Masana onse amatsekeredwa m'kakhola kapena kumangidwa pa unyolo kuseri kwa nyumba, n'kumasulidwa usiku, poganiza kuti galu wosazolowerana ndi anthu ndiye amalusa bwino. Mwini wake akamalowa madzulo, galuyo amakoka unyolo mpaka kudzitsamwitsa, ndipo chimene amamva ndi "Choka!" kapena "Gona uko!" Galu wa kumudzi, ngakhale amadya gaga ndi zotsala, pa mbali iyi zimamuyendera bwino, chifukwa amatsagana ndi mbuye wake kumunda ndi kuuzimba, amaitanidwa ndi likhweru, ndipo amagona pafupi ndi moto umene anthu akuotha. Galu amene amalandiridwa bwino sasiya kulondera. Amateteza pakhomo chifukwa pali anthu ake, ndipo amadziwa kusiyanitsa wa m'nyumba ndi wakuba, pomwe galu wokulira pa unyolo kawirikawiri amakhala wamantha, ndipo galu wamantha angalume ngakhale mwana wa pakhomo pomwepo. Kuima kwa mphindi imodzi, kumutchula dzina ndi kumusisita pachifuwa sikufuna ndalama iliyonse.

N'zoona kuti malonje ena amapyola muyeso. Galu wamkulu wolumphira anthu angagwetse mwana kapena agogo, ndipo kumukankha ndi manja uku mukukalipa kumangoonjezera vutolo, chifukwa iye amaona kuti kulumphako kwamupezetsa manja ndi mawu amene amafuna. Njira yabwino ndi kutembenuka osamuyang'ana pamene walumpha, ndiyeno miyendo yonse inayi ikangotera pansi, kuwerama nthawi yomweyo n'kumulonjera mofatsa. Munthu akanjuta kufika pamsinkhu wa galu, chifukwa cholumphira chimatha chokha. Anthu onse a pakhomo ayenera kuchita mofanana, apo ayi galuyo sadziwa chimene chikufunika. Tiagalu tating'ono timene timakodza polonjera sitichita mwadala, chikhodzodzo chimangomasuka chifukwa cha chisangalalo kapena mantha, ndipo tambiri timasiya tikamakula. Kutimenya kumakulitsa manthawo, mkodzo n'kuchuluka.

Vuto lalikulu kuposa pamenepa ndi la galu amene kusiyidwa yekha kumamuzunza, amene amauwa kapena kulira maola onse, kukanda chitseko mpaka zikhadabo kutuluka magazi, ndi kutafuna zinthu za m'nyumba. Mwini wake akafika n'kupeza zowonongeka, amamukalipira kapena kumukwapula, ndipo galuyo akamagonetsa makutu n'kubisa mchira, munthuyo amati akudziwa kulakwa kwake. Horowitz anayesa zimenezi mu 2009 ndipo anapeza kuti nkhope yooneka ngati yodziimba mlandu ija imabwera chifukwa cha kukalipa kwa munthu, moti agalu amene sanalakwe chilichonse ankaonetsanso nkhope yomweyo akakalipiridwa. Galu wolangidwa pachipata sagwirizanitsa chilangocho ndi nsapato imene anatafuna m'mawa. Chimene amaphunzira n'chakuti kubwera kwa mbuye wake n'koopsa, ndipo nkhawa yake imakula. Galu wotere amathandizidwa pomuzoloweza kukhala yekha pang'onopang'ono, kuyambira mphindi zochepa, ndi pomuyendetsa mokwanira asanasiyidwe.

Popeza malonje a galu amadzera m'lilime, sitingasiye kutchula chiwewe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Kachilombo kake kamakhala m'malovu, ndipo kangalowe polumidwa kapena galu wodwala akanyambita pachilonda, m'kamwa kapena m'maso. Ku Blantyre, bungwe la Mission Rabies lakhala likugwira ntchito ndi boma yobaya agalu katemera kuyambira mu 2015, ndipo galu wobayidwa katemera pa nthawi yake ndi wopatsidwa mankhwala a njoka zam'mimba angalandiridwe popanda mantha. Kusintha kwa malonje nakonso n'chizindikiro chofunika. Galu amene ankathamanga tsiku lililonse koma lero wangodzutsa mutu osanyamuka angakhale ndi ululu m'mafupa, matenda obwera ndi nkhupakupa, kapena wayamba kugontha, ndipo ayenera kuonedwa ndi dokotala wa ziweto. Ngati wasintha mwadzidzidzi n'kuyamba kuluma zilizonse, kuchucha dovu kapena kusazindikira anthu ake, asagwidwe ndi manja.

Ambiri amene amakhala kunja kwa nthawi yaitali, kaya ku Johannesburg, ku Harare kapena kusukulu yogonera konko, amadzifunsa ngati galu wawo adzawakumbukire. Peter Hepper wa pa yunivesite ya Queen's ku Belfast anasonyeza mu 1994 kuti agalu amene anachotsedwa kwa mayi awo ali ndi milungu 8 mpaka 12 ankazindikirabe fungo la mayiyo patapita zaka 2, ndipo mayiyo ankazindikiranso ana ake. Munthu wobwera patapita zaka asakhumudwe galu akayamba ndi kuuwa, chifukwa patali maso a galu saona bwino ngati a munthu, ndipo zovala, chipewa ndi zikwama zimasintha maonekedwe. Chofunika ndi kuima, kumuitana ndi dzina mmene ankachitira kale, ndi kumulola anunkhize. Agalu ena akazindikira amalira mokweza n'kumazungulira bwalo lonse, koma ena sachita zimenezo, chifukwa mtundu, msinkhu ndi chibadwa zimasiyana. Darwin mwiniyo anali ndi galu waukali wodana ndi alendo, ndipo atabwerako ku ulendo wake wa panyanja mu 1836, patapita zaka 5 ndi masiku 2, anapita dala pafupi ndi khola la akavalo kumene galuyo ankakhala n'kumuitana mwa kaitanidwe kake kakale. Analemba kuti galuyo sanaonetse chimwemwe chilichonse, koma anatuluka nthawi yomweyo, n'kumutsatira kokayenda ndi kumumvera ngati kuti anasiyana theka la ola lapitalo.